Bondo la Kuukua

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka lero m'wodi ya abambo, pa bedi loyandikira khomo lotulukira kukhonde. Ndine Ekow Bentsil wa ku Narkwa, wosoka maukonde komanso wokamba nthano pamaliro ndi pazikondwerero. Kusukulu sindinalowemo ngakhale kobisala mvula. Dzanja likulembali si langa, ndi la a Masita Hagan a pa bedi loyandikana ndi langa, mphunzitsi wopuma amene akudikira opaleshoni ya chikhodzodzo. Ati kusiyana n'kuti ndiziwagonthetsa m'kutu tsiku lonse, bola azilemba, mwina ndizipumako podikira cholembera. Tapangana kuti azilemba momwe ndanenera, asakonze. Ati aona.

Matenda ndi shuga. Chilonda chili pa chala chachikulu cha phazi lamanzere. Ndinaponda mbedza pagombe osamva kanthu, linandiuza ndi fungo. A Dokotala Quansah achimasula, achiyang'ana nthawi yaitali, ati, "Agogo, chalachi tichiona kaye. Mukamvera, mwina mutuluka nacho." Shuga amupeza pa 21. Diripi kudzanja lamanja, insulini m'mawa ndi madzulo, jakisoni wa chilonda katatu patsiku.

Mansa, mwana wanga, anabwera ndi kenke ziwiri, nsima yathu yowawasa yokulunga m'masamba, ndi nsomba zokazinga. Anamwino andisiyira theka la kenke imodzi. Nsomba zokha sanazipeze mlandu.

Lachitatu, 5 Juni

Kuno amatidzutsa nkhuku zisanatsike mumtengo, kutibaya chala, kutsuka chilonda ndi madzi amchere, kenako phala lopanda shuga lomwe ngakhale ntchentche zimalilambalala. Shuga lero 17.

Koma chimene ndikufuna chilembedwe ndi ichi. Dzuwa litapendeka ndinamva kuwomba m'manja ndi mapazi kuseri kwa zenera. Ndinati kodi kwafika ukwati? Anandikankha pa chikuku mpaka kukhonde. Khonde lathu ndi limodzi ndi la wodi ya ana, kutsogolo kwake kuli bwalo la mchenga ndi mtengo wa nimu. Pabwalopo panali ana odwala, wina bandeji kumutu, wina dzanja m'chikhakha, wina singano ya diripi ikadali kumkono, onse ali yakaliyakali kusaka timitengo tobisidwa m'maluwa, masewera aja timawatcha pilolo. Wowatsogolera ndi mayi wamfupi, wathupi, waimvi zoyamba kumene, nsapato zansalu kumapazi. Ameneyo ndi a Sista Essilfie, a mafizo. Amatsegula chitseko cha wodi ngati akutulutsa mbuzi m'khola, ndipo akayamba kuthamanga nawo dziko limadziwa kuti padutsa munthu.

A Masita anawakuwira kuti, "Sista, pano n'pachipatala kapena pamsika wa Mankessim?"

Iwo akupuma wefuwefu anati, "A Masita, mwana akakhala phee m'pamene ine ndimaitana adokotala. Phokosoli ndiye malipiro anga."

A Masita akuti ndisaiwale kunena kuti sanagonje. Lembani, koma munagonja.

Lachisanu, 7 Juni

Chilonda chikutulutsabe mafinya. Ajambula phazi, ati zotsatira Lolemba.

Kumapeto kwa khonde kumakhala mtsikana wina pa chikuku, mwendo umodzi utawongoka kutsogolo ngati nkhafi. Dzina lake ndi Kuukua, wazaka zisanu ndi zinayi. Amayi ake, Maame Baduwa, owamba nsomba ku Otuam, amakhala pambali pake dzanja lili pa chikukucho ngati wina achiba. Nkhani yawo ndaimva kwa anamwino. Mwanayu ankasewera ampe, masewera a atsikana odumpha n'kumawomba m'manja, m'mbali mwa msewu, njinga yamoto n'kumugunda, fupa la ntchafu n'kuthyoka. Wagona chagada pafupifupi miyezi iwiri mwendo utakokedwa ndi chitsulo. Fupa lalumikizana bwino, koma bondo lauma, silipinda. Adokotala anena kuti likapanda kupinda pofika kumapeto kwa mwezi uno amutumiza kuchipatala chachikulu ku Cape Coast, akamugoneke tulo, akalipinde mokakamiza. Kumeneko fupa lanthete lija likhoza kuthyokanso, ndipo ngakhale lisathyoke palibe akulonjeza kuti adzayenda ngati anzake.

Mankhwala ake ndi amodzi: aimirire, aponde, alipinde yekha pang'onopang'ono. Koma mwanayo amaopa pansi ngati pali moto. A Sista akangogwira bondo pabedi iye amalira, amayi ake n'kuwachotsa dzanja.

Lero ndawamva ndi makutu anga. A Sista anati, "Achemwali, mundibwerekeko kamwanaka kanthawi kochepa, kakangoima pamchenga apo."

"Kusewera ndi kumene kwatigoneka muno," anatero Maame Baduwa. "Ndinalumbira pamsewu paja, magazi ake ali pachitenje changa, kuti mwana uyu sadzadumphanso."

A Sista sanakangane nawo. Anangoti, "Chabwino, mawa ndidzapemphanso." Ati amapempha chomwecho tsiku lililonse, osakwiya, osatopa. Mayi ameneyu mtima wake ndi wa msodzi wa mbedza.

Lamlungu, 9 Juni

Mvula kuyambira m'mawa. Ndinati lero ana apuma. Ayi ndithu. A Sista abwera ngakhale si tsiku lawo lantchito, atavala zakutchalitchi, auzira mpweya m'magolovesi mpaka afufuma ngati mabere a ng'ombe, awajambula maso ndi pakamwa. Lamulo n'lakuti golovesi lisagwe pansi. Ogona pabedi akulimenya ndi manja, wina ndi phazi, oyenda akulithamangira pakati pa mabedi. Kamnyamata kena, Fiifi, kamene kanachitidwa opaleshoni yam'mimba ndipo kamayenda kowerama ngati nkhalamba, kanaiwala n'kuwongoka kufuna kulifikira. A Sista ataona zimenezo anangoliponyanso m'mwamba kuposa poyamba.

Ine ndimaonera pakhomo. Mvula itakata atsikana awiri anayamba ampe pakhonde. Ndinayang'ana Kuukua. Nkhope anatembenuzira kukhoma, koma pansi pa chitenje manja ake amawomba pamodzi ndi anzakewo, osaphonya ngakhale kamodzi.

Lachiwiri, 11 Juni

Fupa la chala lawola. Achidula mawa. Ndisadye kanthu kuyambira usiku. Mansa walira. Ndamuuza kuti zatsala zisanu ndi zinayi, zikwana.

Lachinayi, 13 Juni

Adula. Phazi likugunda ngati ng'oma. Jakisoni wa ululu kawiri. Sindikufuna kuyankhula. A Masita ati alembe tsikuli ndi zilembo zazikulu.

Lachisanu, 14 Juni

Thupi linatentha, latsika. Shuga 12. Chala chimene kulibecho chikundiyabwa. Ana ndimawamvera pazenera.

Loweruka, 15 Juni

A Sista Essilfie abwera ndi ndodo ziwiri zoyendera ndi nsapato yaikulu yoponda ndi chidendene chokha. Ati adokotala alola kuti ndiyambe kuima. Ndawauza kuti bwato likabooka salikankhira m'madzi tsiku lomwelo. Kunena zoona, ndikayang'ana pansi ndimaona kutali, ndipo munthu wamkulu kugwa pamaso pa ana si chinthu chabwino. Ndodo aziimika kumutu kwa bedi, ati, "Zikudikirani. Sizidya kanthu."

Kenako anakhala pabedi panga, chitsulo chinalira. "Agogo, ndamva kuti ndinu a nthano."

Ndinati, "Mwamva bwino, mayi. Amalume anga ndiwo anandiphunzitsa, ndipo ine ndikatsegula pakamwa ana a mudzi wonse amakhala pansi osaphethira. Mukafuna kuti anawa akupatseni mpata mupumeko, ndibweretsereni."

Anaseka mpaka kupukuta misozi. "Ana okhala pansi ndili nawo odzaza wodi. Ine ndikufuna wowadzutsa. Kwanu ku Narkwa nthano mumakamba anthu ali phee ngati mu Misa?"

Apo anandigwira. Kwathu nthano siyenda yokha. Ili pakati, womvera aliyense ali ndi ufulu woimirira n'kunena kuti "Ndinalipo tsiku limenelo," wokamba n'kutseka pakamwa. Woimirirayo amanena chimene anaona, n'kuyambitsa nyimbo, onse n'kudzuka kuvina, akatha ndiye amakubwezera nthano yako. Ndimo anthu amathera tulo pamaliro. Lamulo lake ndi limodzi, ndipo amalume ankalinena ndi ndodo m'manja: wokhala pansi alibe pakamwa. Ukafuna kudula mawu a mkulu, imirira, anthu akuone.

"Ndi zimenezo ndikufunazo," anatero a Sista. "Lolemba, pakhonde."

Lolemba, 17 Juni

Chilonda chauma m'mbali, ulusi udakalipo. Insulini achepetsa yam'mawa.

Nthano yachitika. Anayala mikeka, ana anadzaza, amayi awo kumbuyo. Maame Baduwa anakankha okha chikuku cha Kuukua mpaka kutsogolo, ati, "Masewera ake ndi amenewa, okhala pansi ngati anthu." A Sista anangoyang'ana kudenga.

Ndinawafotokozera lamulo, n'kuyamba ya mtsikana wotola nkhono amene anatengedwa ndi mafunde mpaka kumudzi wa pansi panyanja. Poyamba ana amachita manyazi. A Sista ndiwo anaimirira, manja m'chiuno. "Ndinalipo tsiku limenelo. Ndinaona mafunde akuyenda chonchi." Anayamba kudzigudubuza uku ndi uku ndi thupi lawo lonselo, n'kuyambitsa nyimbo yokokera khoka. Ana anadzuka onse. Kuchokera apo sindinathenso kunena mawu khumi osadulidwa. Fiifi analipo pamene shaki inkatsokomola. Wina analipo pamene akamba ankaguba. Aliyense ndi kavinidwe kake, ndipo aliyense a Sista amamuonjezera kanthu: wadzanja lovulala akweze manja ngati mafunde, wachifuwa akoke mpweya ngati namgumi. Mafizo onse aja ana amawalirira pabedi anawachita akuseka.

Zaka zonsezi ndimayesa nyimbo zija n'zopumitsa wokamba nthano. Mayi uyu waona kuti ndi mankhwala.

Kuukua sanadzuke. Koma maso ake anali pakamwa panga.

Lachitatu, 19 Juni

A Masita, nolani cholembera, lero ndi lalitali.

Nthano inafika pamene mtsikana uja akufuna kubwerera kwawo, mfumu ya pansi panyanja n'kunena kuti apita pokhapokha atagonjetsa nkhanu pa ampe. Ndinafotokoza bwinobwino: nkhanu iyo ndi miyendo yake yonse, mtsikana uyo, ng'oma zikulira. Ndiye ndinati mtsikanayo anadumpha kufika m'mwamba kuposa nkhanu, n'kupambana.

Mawu anachokera pa chikuku. "Si choncho."

Aka kanali koyamba kumva liwu la Kuukua. Ndinati, "Kodi a Masita, mwamva kanthu? Ngati kwalira udzudzu."

"Ampe sapambana ndi kudumpha kwambiri," anatero mwanayo, mokweza tsopano. "Agogo mukunama."

Amayi ake anamutsina. "Iwe, akulu sawatero."

Ine ndinati, "Musiyeni, mayi, palibe chimene wanena. Wokhala pansi alibe pakamwa." Ndinapitiriza, n'kuonjezera kuti mtsikanayo anadumpha mpaka mutu unatulukira pamwamba pa nyanja, asodzi n'kumupatsa moni.

A Masita akuti ndinachita dala. Poyamba paja ayi. Mwamuna wa msinkhu wanga ampe angamudziwire kuti? Ndi masewera a atsikana, ife tinkangowadutsa tikupita kunyanja, n'kumaona mitu ikukwera ndi kutsika. Zachiwirizo, za asodzi, ndiye mwina.

Mwanayo nkhope inachita kutupa ndi mkwiyo. Anagwira chitsulo cha khonde ndi manja onse awiri, n'kudzikoka. A Sista anali atafika kale kumbuyo kwake, sindikudziwa nthawi yanji, manja ali chire osamukhudza. Anaima. Mwendo wodwalawo unagunda pansi ndi zala zokha.

"Ndinalipo tsiku limenelo," anatero.

Ndinatseka pakamwa, monga mwa lamulo.

Anatiphunzitsa ngati ana a sukulu. Ati awiri amayang'anizana, amawomba m'manja, amadumpha, potera aliyense amaponya phazi limodzi kutsogolo. Wina amakhala atasankha kuti mapazi akakumana mbali imodzi chigoli n'chake, mnzakeyo akapingasana. Nzeru yake ndi kudziwa phazi limene mnzako aponye iye asanaliponye. "Kudumpha ngakhale chule amadumpha," anatero. Anthu anaseka, iyenso anatsala pang'ono kuseka, ndipo pofuna kutionetsa anasuntha phazi lodwala lija kutsogolo. Ululu unamugwira, anakuwa, a Sista anamuwakha asanafike pansi.

Maame Baduwa anamunyamula ngati khanda kulowa naye m'wodi. Pakhomo anatembenuka, anayang'ana ine, kenako a Sista. "Mwapangana eti? Mawa tikupita kwathu. Bola wotsimphina wamoyo."

Chakudya chamadzulo chandikanika.

Lachinayi, 20 Juni

Achotsa ulusi wina, wina ati Lolemba. Shuga 9. Ndodo zikadali kumutu kwa bedi. A Masita apachikapo thaulo.

Kuukua sanatuluke. Masana ndinaona Maame Baduwa atamanga katundu m'beseni, atakhala pa sitepe ya khonde, pafupi ndi zenera langa. A Sista anabwera n'kukhala pambali pawo, n'kuyamba kusenda lalanje. Anawagawira. Anadya onse awiri. Ine ndikanakhala ine ndikanayamba ndi miyambi itatu, koma mayi uja amadziwa kudikira.

Kenako Maame Baduwa anayankhula okha. "Ampe ameneyu ndinamuphunzitsa ndine. Ali wamng'ono, kuseri kwa uvuni wa nsomba. Ku Otuam kunalibe mtsikana wondigonjetsa ine, Sista, funsani. Ndiye tsiku lija ndinamuthamangitsa ndekha kuti utsi ungamupweteke, kasewere uko. Uko kwake kunali kumsewu."

A Sista anati, "Anamugunda ndi ampe kapena njinga?"

A Sista anapitiriza okha.

"Pabwalo apa palibe njinga, achemwali. Pali mchenga ndi ine. Ululu wadzulo uja si wa fupa, fupa ndaliona pachithunzi, lagwira. Ndi bondo likudzuka, ndipo chogona nthawi yaitali chimadzuka chikudandaula. Mukapita naye lero sindikutsekerezani. Koma adzakula, adzafuna kugwada pauvuni, kukwera galimoto, kubereka mwana kumbuyo n'kutola chagwa pansi. Ine amandiopa, ndikamugwira amauma thupi lonse. Inu sakuopani. Mugwireni ndinu, ine ndizingoonerera."

"Akagwa?"

"Mumudzutsa. Simunamudzutsepo kuseri kwa uvuni kuja?"

Beseni lija madzulo ndinaliona litabwerera pansi pa bedi.

Loweruka, 22 Juni

A Masita apita ku opaleshoni Lolemba, ndiye akuti ndifupikitse. Sindingathe.

Kuukua ndi amayi ake anabwera onse awiri kunthano, n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Ndinabwerera pa nkhanu paja. Ndinati, "Anthuni, ndakonzedwa, ndavomera. Koma tsopano nthano yandithina. Munthu wa miyendo iwiri angadziwe bwanji phazi limene nkhanu iponye, pamene ili nayo yambirimbiri? Mtsikanayu ndiye kuti atsala pansi panyanja, amayi ake azingolira pagombe. Nthano yathera pomwepa."

Ana anadandaula. Fiifi anati amubwezere nkhanuyo kwawo ndi mwala. Kuukua anayang'ana amayi ake.

Ndinaona mayi uja akulimbana ndi chitenje chake, kuchimasula, kuchimanganso. Kenako anadzuka, n'kuchimanga kolimba m'chiuno.

"Ndinalipo tsiku limenelo."

Ndinati, "Munaona chiyani, mayi?"

"Ndinaona kuti inu abambo simudziwa kanthu," anatero, amayi onse kumbuyo kuja n'kuwomba m'manja. "Sayang'ana mapazi. Woyang'ana mapazi wachedwa kale. Amayang'ana phewa. Phewa ndi limene limaulula mwendo, ngakhale wa nkhanu. Kuukua, tabwera tiwaonetse agogo akowa."

Anamuimiritsa okha, dzanja limodzi la mwana pa chitsulo cha khonde. Ati kudumpha ayi, kungowomba ndi kuponya phazi. Popeza mwanayo dzanja lina linali logwira, amawomba pa chikhatho cha amayi ake. Anayamba pang'onopang'ono ngati anthu oyenda pamatope. Mayi aponya, mwana aponya. Mayi anatenga zigoli zitatu zotsatizana, ndipo sanamumvere chisoni ngakhale pang'ono. "Waiwala eti? Ndiwe mwana wa yani iwe?"

"Mukubera, amayi. Mukugwedeza phewa labodza."

"Ndiye usaliyang'ane labodzalo."

Mwana analuma mlomo. Tsono kuti uponye phazi labwino, thupi lonse liyenera kutsamira pa mwendo winawo, ndipo bondo lake liyenera kugonja pang'ono. Ndinaliona likugonja. Pang'ono pokha, ngati munthu wouma khosi akupereka moni kwa apongozi, koma linagonja. Misozi imatsika, iye osasiya, mpaka anatenga chigoli chake choyamba n'kukuwa kuti aliyense amve.

Ndinafunafuna a Sista. Anali ataima patali pansi pa nimu, manja kumbuyo, ngati munthu wongodutsa. Ntchito yonseyi ndi yawo, koma anaisiya m'manja mwa eni ake.

Lachitatu, 26 Juni

A Masita abwerako, ali ndi paipi ndi thumba, akulemba chogona. Ati zilembo zikapotoka mlandu si wawo. Ine ulusi wonse achotsa, chilonda chatsekeka, insulini asintha n'kundipatsa mapiritsi. Ndodo ndinazigwirako dzulo, n'kuzibwezera.

Kuukua akusewera kawiri patsiku, m'mawa ndi amayi ake pakhonde, madzulo pamchenga ndi anzake. A Sista akabisa timitengo ta pilolo, take amatiika pansi penipeni, kuseri kwa mwala, kuti awerame. Iye akudziwa, amati, "Anti Sista, mwandibisira pansi dala." Iwo amati, "Ukandisumire." Madzulo bondo limatupa, amaliika nsalu yonyowa, amayi ake n'kumalisisita ndi mafuta akumunyoza kuti lero wagonja kangati. Mvula ikagwa amasewera m'kati, pakati pa mabedi. Maame Baduwa tsopano ndiwo akuphunzitsa atsikana onse a m'wodi, ndipo akuti ngakhale anamwino awiri agonja kale.

Lachisanu, 28 Juni

Lero ndiye linali tsiku. A Dokotala Quansah anabwera ndi kachipangizo kawo koyezera bondo. Ine ndinapempha kuti andikankhire pakhomo la wodi ya ana, ndisamve za m'maluwa. Anamukhazika Kuukua m'mphepete mwa bedi, mwendo uli lende. Unatsika wokha mpaka phazi linaloza pansi, monga akhalira munthu pampando. Anayeza, anayang'ana m'buku, anayezanso.

"Silinafike pomwe ndikufuna," anatero, "koma ladutsa pomwe ndimaopa. Ku Cape Coast sapita. Apitirize zimene akuchitazi, kaya ndi chiyani."

"Ndi ampe, adokotala," anatero Kuukua.

"Ndiye ndikulembera ampe, m'mawa ndi madzulo. Kudumpha udikire mwezi wina. Ndipo kutali ndi msewu."

Maame Baduwa anati kuseri kwa uvuni kuli malo, asesa okha. Kenako anapita kwa a Sista, anafuna kugwada, a Sista anawagwira m'mapewa. "Mawondo a m'banja mwanu ndawavutikira mokwana, musandiwonongere ena."

Lolemba, 1 Julayi

Kuukua watuluka lero. Ine ati mwina Lachisanu, ndikaonetsa kuti ndikhoza kufika kuchimbudzi ndi miyendo yanga. Apo ndiye panali nkhani, poti mpaka m'mawa wa lero ndinali ndisanaime.

Asananyamuke a Sista anasonkhanitsa ana pakhonde, ati lero wokamba nthano ndi Kuukua, agogo apume. Anandiika kutsogolo pa chikuku changa. Ndodo zija ndinazipeza zitatsamira pa chitsulo pafupi nane, sindikudziwa anazibweretsa ndani.

Mwanayo anaima pakati, wopanda chogwira, n'kuyamba ya mkulu wina wa ku Narkwa wosoka maukonde. Ati mkuluyo ukonde ukang'ambika ankaumata ndi phala la chinangwa. Ati ankasoka kuyambira pakati pa chibowo kupita m'mbali, ndipo mfundo zake zinali zija timamangira mbuzi.

Ndinapirira za phala. Koma mfundo ya mbuzi pa ukonde, pamaso pa ana a asodzi, ayi. Ndinati, "Iwe mwana, si choncho."

Anatembenukira kwa amayi ake. "Amayi, mwamva kanthu? Ngati kwalira udzudzu."

Khonde lonse linafa ndi phwete, a Masita mpaka anagwira thumba lawo. Ndinati ndine mkulu, ndadulidwa chala, lamulo lili ndi pothera. Mwanayo anangopinda manja. "Wokhala pansi alibe pakamwa, agogo. Munanena ndinu."

Ndinayang'ana a Sista kuti andithandize. Anali atafika kale kumbuyo kwanga, manja ali chire, osandikhudza.

Ndinagwira ndodo. Pansi panali patali monga ndinkaonera, ndipo phazi linandiuza mawu oipa. Koma ndinaponda ndi chidendene, n'kudzikoka mpaka mutu wanga unafika pamwamba pa mitu yawo. Kuchokera pamenepo ndinaona bwalo lonse, mchenga, nimu, ndi timapazi tawo tambirimbiri tosiyidwa dzulo.

Ndinati, "Ndinalipo tsiku limenelo."

Kuukua anatseka pakamwa, monga mwa lamulo. Ndinayambitsa nyimbo.